"Awa sayankhula": banja lomwe ndinakhala nalo masesheni 15

Anzanga a ntchito ya uphungu, nkhani iyi ndinalonjeza kalekale kuti ndidzailemba, nde lero poti magetsi alipo ndati ndikhale pansi. Eni ake anavomera bola ndisinthe zonse zowazindikiritsa, ndipo ndasinthadi. Ndizingoti mayiyo ndi bamboyo basi.

Anabwera ku ofesi kwanga mu Febuluwale 2024, atatumizidwa ndi mlangizi wina wa kumpingo kwawo yemwe anati iye zamukanika. Mayiyo zaka 31, amagulitsa kaunjika ku Limbe. Bamboyo zaka 36, dalaivala wa lole ya kampani ina yoperekera katundu m'magolosale, njira yake ndi Thyolo, Mulanje mpaka Phalombe. Amachita lendi ku Bangwe, m'banja akhalamo zaka 8, chinkhoswe chinachitika, ukwati wa kutchalitchi unachitikanso, ndipo ali ndi mwana mmodzi wamkazi wa zaka 6. Ankhoswe anali atakhalapo kale katatu pa nkhani yawoyi ndipo ulendo uliwonse chigamulo chimatuluka chimodzimodzi, abambo muzifika msanga pakhomo, amayi muchepetse pakamwa. Amagwirana chanza, pakangotha masabata awiri zayambiranso.

Tsiku loyambalo mayiyo anayankhula pafupifupi mphindi 20 osapuma. Mawu omwe ndinalemba m'kope langa ndi awa: "Awa sayankhula. Kukhala ndi awa m'nyumba kuli ngati ukukhala ndi kabati." Muone kuti amati "awa", kuloza ndi chibwano, pomwe pambuyo pake ndinamva kuti kale amawaitana kuti ababa. Bamboyo anakhala cham'mphepete mwa mpando akuseweretsa makiyi a lole, nditawafunsa anangoti "Madam, ndikayankhula nkhani imakula, ndikakhala chete imakulabe, nde ndipange chani?" Madandaulo a pamwamba anali odziwika kale, kufika usiku, foni ya pasiwedi, ndalama ya ndiwo yosakwana chigwereni kwacha mu Novembala 2023 muja anaitsitsa ndi 44 peresenti, belo ya kaunjika itakwera moti phindu limangothera transipoti.

Ndisanapite patali ndinawaona aliyense payekha, ndipo apa sindinyengerera. Njira yomwe ndimagwiritsa ntchito imafuna kuti munthu atulutse mantha ake pamaso pa mnzake, nde ngati m'nyumbamo muli kumenyana ndiye kuti ukumupatsa womenyayo ndodo ina. Ndinafunsa mayiyo mwachindunji, anakumenyanipo, anakukankhanipo, mumawaopa, amakukakamizani za kuchipinda, ndalama zanu za bizinesi amalanda? Zonse anati ayi, m'malo mwake anaulula kuti iye ndi amene tsiku lina anaponya foni ya amuna ake pakhoma. Zikanakhala kuti zilipo ndikanayimitsa za awiriawirizi n'kuyamba za chitetezo kaye, lamulo la nkhanza za m'banja la 2006 lilipo, Victim Support Unit kupolisi ilipo, One Stop Centre yothandiza ochitiridwa nkhanza ku Queens ilipo. Bamboyo ndinawafunsa za mowa, anati Loweruka Green ziwiri zitatu akamaonera Bullets. Za chibwenzi anakana, ndipo ndinawauziratu kuti chinsinsi cha mtundu umenewo sindisunga kwinaku tikupitiriza ngati palibe kanthu. Onse ndinawafunsa mafunso a PHQ-9, mafunso 9 oyezera matenda a kukhumudwa omwe nambala ikakwera ndiye kuti vuto ndi lalikulu, mayiyo anapeza 13, bamboyo 8, funso la nambala 9 la maganizo odzipha onse ziro. Bamboyo ndinawafunsanso kachiwiri m'mawu ena, poti tonse tikuona malipoti a polisi kuti odzipha ambiri kuno ndi amuna, ndipo mwamuna wachete ngati uyu sangakuuze pa ulendo woyamba.

Ndinasankha Emotionally Focused Therapy, ija timangoti EFT, njira ya uphungu yolunjika pa zomwe munthu akumva mumtima, yomwe anayambitsa Sue Johnson ndi Les Greenberg ku Canada m'ma 1980. Chifukwa chake n'choti malangizo banjali linali nawo okwana kale, a ankhoswe, a kumpingo, a pa bridal shower, kuwonjezerapo anga kukanakhala kuthira madzi m'dengu. EFT imatsamira pa maganizo a John Bowlby, katswiri wa za maganizo wa ku Britain, oti munthu chibadwire amafuna wina woti akamuitana pa nthawi ya mantha ayankhe, ndipo akapanda kuyankhidwa amayamba wakuwa, kenako amataya mtima n'kukhala duu. Mu 1987 ofufuza awiri, Hazan ndi Shaver, anaonetsa kuti akuluakulu okondana nawonso amayenda momwemo. Ena mwa inu mumati izi ndi za azungu, koma Mary Ainsworth, yemwe anagwira ntchito ndi Bowlby, kafukufuku wake woyamba wa amayi ndi makanda anachitira ku Uganda cha m'ma 1954 ndi 1955, m'midzi ya pafupi ndi Kampala, akuona ana a kumbuyo ngati athu omwewa. EFT imayenda magawo atatu, kuziziritsa mkangano kaye, kenako kumanganso kukhulupirirana, pomaliza kukhazikitsa zatsopanozo, ndipo nthawi zambiri imatenga masesheni 8 mpaka 20.

Gawo loyamba ndi loti awiriwo aone kuti pali kachizungulire komwe kakuwadya onse. Kawo kanali kosavuta kukaona. Bamboyo akachedwa mayiyo amaimba, foni ikapanda kuyankhidwa amaimbanso kasanu kakhumi, meseji pa WhatsApp motsatizana, bamboyo akaona mamisidikolo onsewo mtima umagwa nde amachedwa dala, akafika amapeza moto, amangodya n'kukagona chopenya kukhoma, mayiyo n'kumayankhula ndi msana mpaka 1 koloko. Wina akamathamangitsa wina amathawa, kuthawako n'kumene kumawonjezera liwiro la wothamangitsayo.

Pa sesheni ya nambala 4 ndinalakwitsa ineyo, ndipo ndikufuna ndikhalitsepo apa. Ndinali ndi changu. Ndinaona ngati bamboyo ayamba kumasuka nde ndinawafunsa funso lathu lija, "mukumva bwanji mumtima mwanu?" Anakhala chete. Ndinafunsanso. Mayiyo anaseka kaphwete n'kuti "mwaonatu madam, ndi zomwe ndimakumana nazo daily", ndipo ine osazindikira ndinagwedeza mutu. Kugwedeza kamodzi kokhako. Sabata yotsatira mayiyo anabwera yekha, akuti abambo atumidwa ku Mulanje. Sindinachite naye sesheni ya banja yekhayo, tinangocheza mphindi zochepa, madzulo ake ndinawaimbira bamboyo. Anandiyankha mwaulemu koma mosabisa: "Madam, ine ndinaona ngati ndabweranso pa bwalo la ankhoswe, kungoti ulendo uno azimayi awiri mwandipangira upo." Ndinapepesa osadziteteza, ndinati munaona bwino, ndinagwedezadi mutu ndipo sindinayenera kutero. Anabwera sabata inayo.

Chomwe ndinatolapo n'choti funso loti "mukumva bwanji" ndi mayeso kwa mwamuna yemwe moyo wake wonse sanafunsidwepo zimenezo, ndipo ukamufunsa pamaso pa mkazi wake wolankhula bwino ukumuyalutsa. Ndinasintha kafunsidwe. Ndinati tandiuzeni, mwatsika minibasi pa siteji, nthawi ndi 7 koloko, foni ili ndi mamisidikolo 9, miyendo imakutengerani kuti? Apo nde anayankha bwinobwino. Amakhota pa kagolosale kena n'kukhala pa benchi kuonerera anthu akusewera bawo, osasewera nawo, osamwa kanthu, mphindi 30 kapena ola. Nanga m'thupi mumachitika chani pa benchipo? "M'mimba mumatentha. Ndimakhala ngati mwana woti walephera mayeso asanalembe n'komwe." Mayiyo anatembenuka n'kuwayang'ana koyamba chiyambireni. Iye nthawi yonseyi amaganiza kuti ola limenelo amakhala ali kwa mkazi wina.

Dzina la kachizungulire kaja anapereka ndi bamboyo. Anati zili ngati lole ikatitimira m'matope njira ya ku Phalombe, ukamaponda moto kwambiri tayala limangokumba, ukazimitsa injini sutulukanso. Kuyambira pamenepo tonse timangoti matope. "Lachiwiri tinalowa m'matope." Zinathandiza kwambiri chifukwa wolakwa anasiya kukhala munthu, ndipo pofika sesheni ya nambala 7 amatha kuzindikira okha ali mkati n'kuimitsa, olo kuti si nthawi zonse.

Komabe panali china chomwe chimandivuta. Ndikafunsa kuti zinayamba liti, onse amangoti chaka chatha, n'kudumphira nkhani ina. Pa fomu mayiyo analemba mimba ziwiri, mwana mmodzi. Ndinaziona tsiku loyamba lomwe koma ndinadikira dala, ndimaopa kutsegula bala anthu akadali pa nkhondo. Pa sesheni ya nambala 8 ndinafunsa, ndinati mayi, pa fomu paja munalemba mimba ziwiri.

M'chipindamo munangoti zii, kumangomveka ma honi a minibasi kunja. Kenako anafotokoza. Unali Malichi 2023, masiku a namondwe wa Freddy, mvula yosakata ija yomwe inagumula phiri la Soche n'kukwirira anthu ku Chilobwe. Anali ndi mimba ya miyezi 7. Usiku anayamba kumva kupweteka, mutu ukuwawa, magetsi kulibe, amuna ake ali ku Mulanje misewu itaduka. Anaimba foni mpaka batire kutha, osapezeka. Anamutengera kuchipatala ndi neba, kuchipatalako kutadzaza anthu ovulala ndi matope, ndipo mwana anabadwa atafa kale. Wamwamuna. Monga mwa mwambo wa mtayo, anakaika ndi azimayi akuluakulu okhaokha, mayi ake ndi azakhali ndi ena awiri, popanda maliro, ndipo anamuuza kuti asalire. Bamboyo anafika patatha masiku atatu, matope mpaka m'mawondo, anaima pakhomo la kuchipinda n'kunena kuti "Chachikulu muli moyo, anzathu ataya mabanja athunthu." Basi. Za mwanayo sanazitchulenso chaka chonse.

Izi ndi zomwe a EFT amazitcha attachment injury, bala lomwe limabwera pamene unamufuna mnzako pa nthawi ya moyo ndi imfa iye n'kusapezeka, ndipo likapanda kuchira nkhani ina iliyonse, ya ndiwo, ya foni, imakathera pomwepo. Koma kwathu kuno panali chinanso chomwe mabuku a ku Canada sangakuuzeni. Pa masiku omwewo azakhali aja anamunong'oneza kuti amuna oyendayenda awa, mwina anamusempha mwanayo. Za tsempho mukuzidziwa, zoti mwamuna akayenda panja mkazi ali woyembekezera zimagwera mayi kapena mwana. Nde kufufuza foni konse kuja sikunali nsanje wamba, mayiyo amafunafuna yankho loti mwana wanga anafa chifukwa cha ndani. Bamboyonso mphekeserayo inawafika kudzera kwa mlamu wawo, ndipo anaganiza kuti akangotsegula pakamwa pa za mwanayo zimveka ngati akudziyeretsa, nde bola kukhala chete.

Za tsemphozo sindinatsutse ndipo sindinavomereze. Ndinangofunsa kuti kuchipatala anati chani, mayiyo anati anamuuza kuti BP inakwera kwambiri, zinalembedwanso m'buku lake la kuchipatala. Ndinati chabwino, zonse ziwiri munazimva, koma usiku mukagona imakubwererani ndi iti? Anati si iliyonse mwa ziwirizo, chimamubwerera ndi mawu a pa foni aja oti nambala yomwe mwaimbayi sikupezeka. Pamenepo ndi pomwe tinagwira ntchito. Ndikanayamba kuphunzitsa za BP ndikanapambana mtsutso ndi azakhali omwe sanali n'komwe m'chipindamo, mayiyo n'kutsala ndi usiku wake uja yekha.

Masesheni a nambala 9 ndi 10 anali a bamboyo, chifukwa mu EFT wothawa uja ndi amene amayamba kubwerera, wothamangitsa sangafewe ngati sakuona munthu woti amugwire. Ndinapita pang'onopang'ono kwambiri, kubwereza mawu awo omwe, kutsitsa mawu anga. Zinatuluka kuti mayi awo anamwalira iwo ali ndi zaka 9, anawatengera kwa amalume ku Ndirande, ndipo pa maliropo anauzidwa kuti mwamuna salira, uwalimbitse mtima alongo ako. Mawu aja oti chachikulu muli moyo anali chinthu chokhacho chomwe amadziwa kupereka pa maliro. Ndiyeno ananena chinthu chomwe ngakhale ine chinandigwira pakhosi. Sabata yomwe Freddy asanabwere anagula ku Limbe kachipewa ka khanda koluka, kabuluu, akufuna adzapereke ngati sapulaizi. Kachipewako kanali kakadali mu lole, kuseri kwa mpando, mu jumbo, chaka chathunthu. Kutaya kumawakanika, kubweretsa kunyumba kumawakanikanso. Ndipo manda a mwana wawo sadziwa pomwe ali, poti mwamuna safunsa zimenezo.

Apa ndinawapempha kuti atembenuze mpando awauze akazi awo okha, osati ine. Anakana kaye, "amva kale". Ndinati amva mukundiuza ine, tsopano auzeni iwo. Zoyang'anana m'maso sindinakakamize, ena amalimbikira zimenezo koma kwa anthu ambiri kuno mawu olemera amanenedwa maso ali pansi, ndipo ulemu wa "inu" sunatchinge kanthu. Anayang'ana simenti n'kunena kuti, "Amayi, usiku umene uja ndinali m'lole pa Chitakale ndikuyesa netiweki mpaka kucha. Nditafika ndinaona nkhope yanu ndinadziwa kuti ndakulepherani. Mwana uja anali wanganso." Mayiyo sanawakumbatire ngati za m'mafilimu. Anakwiya. Anati chaka chonse munali kuti ndi mawu amenewa, mumandisiya ndizioneka wamisala. Anzanga, mphindi imeneyi ndi yoopsa, mwamuna watulutsa mutu koyamba ndipo akakhapidwa apa sadzatulukanso. Ndinalowererapo msanga, ndinati mayi, mawu amenewa mwawadikira chaka, nde afika mochedwa moti akupweteka, n'zomveka kuti simungawalandire lero lomwe. Kenako kwa bamboyo ndinati mwaona, sakukukanani, akukuuzani kukula kwa mmene amakufunirani. Anatuluka osayankhulana. Ine usiku umenewo tulo sindinatione bwino.

Sabata yotsatira anabwera ndi jumbo ija. Mayiyo ndi amene anainyamula.

Gawo la mayiyo linatenga masesheni awiri ndipo linavuta kuposa mmene ndimaganizira, chifukwa munthu wolankhula kwambiri timamuyesa womasuka pomwe mawu ambiriwo ndi mpanda. Kukalipa amatha, kupempha ayi. Anakulira pakhomo pomwe bambo ake anapita ku Joni iye ali sitandade 3 osabweranso, nde kwa iye munthu akachedwa ndiye kuti wapita. Pa sesheni ya nambala 12 anakwanitsa kunena chapansipansi kuti, "Ndikamakuwa ndimakhala ndikuopa kuti ndikakhala chete palibe abwere. Ndimafuna mukaona foni yanga muzingoyankha, olo mungoti ndili pa Bvumbwe." Bamboyo anayankha kuti zimenezo angathe. Anawonjezera kuti ababa aja anawasowa, mayiyo anaseka akupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje.

Sizinayende mosalala kuchokera apo ayi. Mu Meyi bamboyo anatumidwa ku Nsanje, foni inazima tsiku lonse, pofika kunyumba anapeza zovala zawo zili m'chikwama pakhonde. Anabwera onse atafooka akuti madam zonse zija zapita m'madzi. Ndinawafunsa kuti zinatha bwanji, nde zinapezeka kuti bamboyo sanapite pa benchi ya bawo, analowa m'nyumba n'kukhala pansi n'kunena kuti ndikudziwa mwakumbuka usiku uja. Mkangano womwe kale umatenga sabata unatha usiku womwewo. Kuyambira apo tinayamba kukumana pa masabata awiri aliwonse, chifukwa china chinali transipoti, Bangwe kufika m'tauni anthu awiri kupita ndi kubwera si ndalama yochepa kwa iwo.

Chinthu chimodzi chomwe tinasiyana maganizo ndi mnzanga yemwe timaunikirana ntchito ndi cha ankhoswe. Banjalo linapempha kuti ankhoswe awo awiri abwere kamodzi. Mnzangayo amati zisokoneza, chipinda cha uphungu chisanduka bwalo. Ine ndinavomera, chifukwa ine ndi wa masesheni 15 pomwe ankhoswe ndi a moyo wonse, ndipo mawa zikavuta adzathamangira kwa iwowo osati kwa ine. Tinagwirizana kaye zomwe zinenedwe ndi zomwe zisanenedwe, za kachipewa zinatsala zawo. Bamboyo anafotokoza okha za matope. Amalume a mayiyo, bambo wachikulire wochokera ku Chiradzulu, anamvetsera n'kunena kuti ife timaweruza zomwe mwatibweretsera, za mwanayo simunabweretse. Sindikunena kuti mnzanga uja analakwa, ankhoswe ena akanaitenga nkhaniyo n'kukaifalitsa kumudzi, awa ndinayamba ndafunsa kaye kuti ndi anthu otani. Azakhali aja sanabwere ndipo mpaka pano akuti maganizo awo sanasinthe.

Tinatseka mu Julayi 2024. PHQ-9 ya mayiyo inatsika kufika pa 6, ya bamboyo pa 4. Za mimba ina anali asanagwirizane, bamboyo amafuna, mayiyo amaopa, ndipo sindinawakankhire mbali iliyonse, ndinangotsindika kuti ikadzabwera adzayambe sikelo msanga ndipo adzawauze anamwino za BP ya ulendo wathawu tsiku loyamba lomwe.

Mu Januwale 2025 ndinawaimbira monga tinapanganirana. Za ndalama amakanganabe, mvula ikamagwa usiku bamboyo ali kunja mayiyo tulo samagona, ndipo anavomera kuti foni ija anaitsegulapo kawiri. Apongozi anavomera kuwalozera bamboyo manda a mwana uja chapatali, anapita Lamulungu lina atatuluka m'tchalitchi, anaima m'mbali mwa njira mphindi zochepa n'kubwerera. Kachipewa kali mu sutikesi limodzi ndi buku la kuchipatala. Nditafunsa mayiyo kuti nanga ababa akuyankhula tsopano, anati "Akuyankhula madam, kungoti mwa apo ndi apo ngati netiweki ya ku Phalombe", ndipo chapatali ndinamva bamboyo akuti auzeni madam kuti mayunitsi awo akutha.